Sabata ya Mayeso a Selestina

Lolemba, 3 Juni 2019

Chisanu pa Sharpevale. Ana m'kalasi manja m'khwapa. Lufina wanga akutsokomola, zaka zinayi zokha.

Masana mkazi wanga Selestina anaimba kuchokera ku Japani, mawu ali pamwamba. Kachitsulo kopyapyala ka kafukufuku wawo kagwira ntchito, patatha chaka kakukana. Andifotokozeranso za sipinitironikisi: m'mawaya mumayenda timaelekitironi, kalikonse kali ngati kamaginito koloza m'mwamba kapena pansi. Kulozako ndiye sipini. Akufuna kompyuta izisunga zinthu ndi kulozako, magetsi akazima zisafufutike. Lero ndamvako.

Lachisanu la sabata ya mawa akaonetsa ntchitoyi kwa akuluakulu a kampani. Akaikonda, zaka zina ziwiri komweko. Ndinati, "Zabwino zonse, amake Lufina." Foni itaduka ndinasesa bwalo losesa kale.

Lachitatu, 5 Juni

Pamsika a Maynard ogulitsa matayala: "Aphunzitsi a Hilary, mkazi mumamutuma kumunda, osati kwa azungu." Anthu kuseka. Sindinawauze kuti ku Japani si kwa azungu. Ndinagula anyezi amene ndili naye kale kunyumba.

Loweruka, 8 Juni

Chibayo. Kachifuwa ka Lufina kakulowa m'kati akamapuma. Pachipatala chathu anatilembera msanga kalata ya ku Ntcheu. Apongozi atsagana nafe, mwana ali kumsana kwawo.

Akuti, "Muuzeni mayi wake, ndiye anabereka." Ndawapempha adikire Lachisanu.

Lachiwiri, 11 Juni

Selestina anafuna kuona mwana pavidiyo. Ndinathamangira kuseri kwa wodi. Ndinati netiweki yavuta, Lufina ali kwa agogo. Bodza theka.

Iwo akuyeseza zokalankhula, akundifunsa ngati zikumveka. Sipini, maginito, batire losatha msanga. Ine khutu kukhomo la wodi.

Choipa n'chakuti mtima wina ukufuna ndiwauze. Asokonezeke, alephere, abwere. Chala chinafika pa dzina lawo kangapo. Ndinapereka foni kwa apongozi kuti andisungire m'chikwama.

Kukhala pansi kukundikanika. Mlonda wapageti wayamba kundipatsa moni ngati mnzake.

Lachinayi, 13 Juni

Wadya nthochi! Wapemphanso ina. Apongozi analira, ine ndinapita kukatsuka kapu.

Lachisanu, 14 Juni

Atitulutsa. Tili m'minibasi foni inalira, Selestina pavidiyo. Apambana. A kampani akuwafuna. Ndinasangalala zenizeni, ndadabwa nazo ndekha.

Kenako Lufina anatsomphola foni n'kuonetsa dzanja: "Amayi, onani pomwe anandibaya kuchipatala. Ndinagona masiku ambirimbiri."

Nkhope ya Selestina. Sanakalipe. Anangofunsa kuti liti. Ndinayankha. Anadula.

Lamulungu, 16 Juni

Zii. Mauthenga anga akuwerengedwa, yankho palibe. Kutchalitchi ndinatuluka ulaliki uli pakati. Ndachapa mabulangete onse, ndakonza mpanda wosathyoka.

Lachiwiri, 18 Juni

Uthenga wafika ndili m'kalasi. Ndaukopera apa:

"Bambo a Lufina, mwana akanafa ndikulankhula za maelekitironi mukanandiuza chiyani? Munandisankhira. Mapepala a kampani sindinasaine, akudikira mpaka Lachisanu. Chichokereni mumangoti zabwino zonse. Pano ndiuzeni chomwe inuyo mukufuna, osati chomwe mwamuna wabwino anganene."

Ana ndawapatsa masamu olemba. Ndakhala pansi pa mtengo wa mango. Ndalemba kuti "Bwerani", ndafufuta. Ndalemba kuti "Sainani", ndafufutanso. Belu lalira, sindinadzuke.

Chomwe ndikufuna ine, Hilary, ndi...