Mapiritsi a atsibweni

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tonse tadzuka, kupatula atsibweni.

Mapiritsi ochepetsa nkhawa aja adokotala anawapatsa kuti azipeza tulo akazi awo atamwalira, anali a masiku ochepa chabe. Iwo mpaka lero akugulabe mobisa pa Malomo. Akawathera, manja amanjenjemera, tulo osabwera. Lamulungu anasinza kutsogolo kwa mpingo, tinachita kuwagwedeza kuti atseke ndi pemphero. Awatu ndi mkulu wa mpingo yemwe anadulitsa amayi, mlongo wawo weniweni, chifukwa chofulula mowa.

Dzulo akuti, "Umuuze mlongo wakoyo anditumizire a ku Joni, ndi amphamvu." Chonde musatumize, muwaimbire abwerere kuchipatala. Uchidakwa ndi womwewo, kungoti wawowu amamezera madzi.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ine mlongo wanu,
Nachisale