Chuma cha Ajeremani Pansi pa Mango Anga

Lolemba, 2 Okutobala

Kutentha. Ndaphunzitsa Fomu 3 za atsamunda, theka la kalasi likuwodzera. Pofika kunyumba ndapeza a Gordon, bambo aang'ono a amuna anga, akuzungulira mtengo wanga wa mango ndi maginito a sipika omangirira ku chingwe. Ati amva ku Kyela, ku Tanzania, kuti Ajeremani ankakwirira chuma pansi pa mango. Mtengowu ndinadzala ndekha mu 2009. Mbewu yake anandipatsa malemu mayi anga ku Dedza.

Lachitatu, 4 Okutobala

Vuto ndi mwambo wa kuno ku Ngara, ku Karonga: apongozi aamuna sindilankhula nawo, ngakhale kuyang'anizana nawo. Zonse zimadzera mwa a Chakufwa, amuna anga. Ndawatuma ndi mfundo zomveka bwino. Ajeremani analamulira Tanganyika, Namibia, Kameruni, Togo, zilumba za Samoa ndi New Guinea, ngakhale doko lina ku China. Koma Karonga ayi. Malire anali mtsinje wa Songwe. Anawoloka mu 1914 kudzamenya nkhondo, nabwerera chothawa. Wothawa sakumba dzenje.

Ndinamvetsera pawindo la khitchini. A Chakufwa anati: "Amayi a kunyumba akuti anthu aja anali ndi mayiko mpaka ku China." Basi. A Gordon: "Mpaka ku China! Ndiye si chuma chamasewera." Abwera ndi khasu lachiwiri.

Loweruka, 7 Okutobala

Dzenje lafika m'mawondo. Adula muzu umodzi waukulu. Ndatumizanso uthenga kuti mtengowu ndi wamng'ono kuposa mwana wathu woyamba. Yankho: mtengo umadziwa pomera. Ndatumiza buku la mapu. Labwera ndi chala cha dothi pa Samoa, ati malo ake akuoneka ngati kuseri kwathu kuno.

Mango aang'ono ayamba kuyoyoka. Ndatola angapo, ndalira pang'ono m'bafa. Mayi sanadyeko ngakhale limodzi.

Lamulungu, 8 Okutobala

Kutchalitchi azimayi andipatsa ulemu wachilendo. Mmodzi anandinong'oneza: "Aphunzitsi, mukachipeza musatiiwale." Ati a Gordon akuuza anthu kuti mkamwana wawo, ineyo, amadziwa zonse za Ajeremani, ndiye akamakana malo, ndi pomwepo.

Ndaganizira mawu amenewa ulaliki wonse.

Lachinayi, 12 Okutobala

Chimbudzi chathu chinadzaza kalekale. A Chakufwa akhala akunena kuti akumba china mvula ikatha, ndipo mvula yatha kawiri. Lero ndawatuma kwa a Gordon ndi uthenga wachidule, woona kuyambira mutu mpaka mchira: kuseri kwa khola la nkhumba kulibe chilichonse cha Mjeremani, asavutike kukumbako. Ndinabwereza kuti asavutike.

Kwa nthawi yoyamba chikwatirane, a Chakufwa afikitsa uthenga wonse osadula.

Loweruka, 14 Okutobala

Makasu onse asamukira kuseri kwa khola. Ndakwirira mizu ya mango, ndathira manyowa ndi madzi. Ndatumizanso mfundo ina yoona: m'mabuku onse amene ndawerenga, palibe Mjeremani anakumbapo dzenje la makona anayi. A Gordon awongola makona.

Loweruka, 21 Okutobala

Dzenje lapitirira msinkhu wa munthu. Zomwe zatuluka: supuni, chidendene cha silipasi, mwala. A Gordon ati msana, komanso maginito anali achitchaina. Ndawaphikira nkhuku, ndawatumizira zikomo wochokera pansi pa mtima. Simenti ndagula matumba awiri, mmisiri abwera Lolemba.

Mango asiya kuyoyoka.

Lachisanu, 3 Novembala

Chimbudzi chatsopano, chitseko cha malata, choyera bwino. Koma a Chakufwa abwera ndi uthenga, wonse osadula. A Gordon ati palibe munthu amathira simenti pamwamba pa dzenje lopanda kanthu. Ati mkamwana wawo ndi wochenjera, koma iwo si mwana. Maginito atsopano aitanitsa kale ku Kyela.

Ndagula loko.