Mayi Mable Chisenga, namwino wa ku Lewisham

Amayi, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni m'nyengo yozizira ya 2006, koma mitima yathu sinakhale pansi.

Munagwira ntchito zaka zambiri m'chipinda cha odwala mwadzidzidzi, kumene amathamangitsirako anthu omwa mankhwala mopyola muyeso. Pofika kunyumba, mapazi atatupa, munkatiuza kuti wodwala samufunsa mokalipa, chifukwa munthu wamanyazi amabisa chimene wamwa, ndipo chobisikacho ndicho chimapha. Ife tinkangomva ngati nkhani za kuntchito.

Khansa itakugwirani, mankhwala ankakusanzitsani mpaka madzi omwe. Mnzanu wina anakubweretserani timakeke tachamba kuti mseru ndi ululu zichepe. Munaseka mpaka misozi, kuti mayi wa Mvano wathunthu wafika podya chamba. Koma sabata imeneyo munadya mpunga ndi nkhuku, mbale n'kuyera.

Tsiku lina masana mtima wanu unayamba kuthamanga, thukuta lili kamukamu, ana anu omwe osawazindikira. Ambulansi inakutengerani m'chipinda chomwe chija munkagwiramo ntchito. Dokotala atafunsa chimene munamwa, ine mwamuna wanu Morton ndinabisa za timakeke tija, poopa apolisi ndi maso a anzanu. Inu, muli chitsinzinire, munatchula zonse: chambacho, kuchuluka kwake, nthawi imene munadya, ndi mapiritsi a ululu amene munamwera limodzi. Anakuyezani mtima ndi magazi, nakuikani diripi, ndipo m'mawa mwake munatuluka mukudandaula kuti tiyi wa m'chipatala akadali wozizira. Khansayo inadzakutengani chaka chisanathe.

Mpaka pano ndimadzifunsa ngati timakeke tija tinakuchotserani masiku kapena tinakupatsani masiku abwino. Madokotala anati tisadziimbe mlandu, koma funsolo silindichoka. Mwana wanu Felton akamva fungo la chamba pa siteji ya basi ku Peckham, amawoloka msewu. Mwana wanu winayu, Atikonda, wayamba sukulu ya unamwino. Akuti akamafunsa wodwala amamva mawu anu akutuluka pakamwa pake, ndiye amathawira panja kukalira. Achemwali anu a Effie ndiwo amalambula manda anu ku Ntcheu. Ife tili kuno kutsidya kwa nyanja, chaka chilichonse timati tibwera, osabwera.

Gonani bwino, Amayi. Ife kuno tulo n'tochepa, ndipo kukuiwalani sitingathe.

Morton, Atikonda ndi Felton