Maina a Kumapeto kwa Gemu

Lolemba, 3 Malichi

Alengezanso. Akuti gemu ya pakompyuta ija ikutuluka Lachisanu. Ndaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Aka n'kachisanu kulengeza tsiku, ndipo chino n'chaka chachisanu ndi chinayi chiyambireni. Mayi a mwana akuti, "Mwina ulendo uno n'zoona." Zoona zake ziti? Ine ndinakhalamo m'menemo zaka sikisi, ndikupanga kayendedwe ka msilikali wa m'gemumo: kathamangidwe, kalumphidwe, kagwiridwe ka lupanga. Mabwana atatu, aliyense pofika kugumula za mnzake n'kuyamba zake. Wachitatuyo anatikusa anthu makumi anayi tsiku limodzi, katoni m'manja, panja. Papita zaka zitatu, mtima ukuwawabe.

Lachiwiri, 4 Malichi

Intavyu ku kakampani kena ka magemu. Mayi wofunsayo waulemu ndithu, koma funso ndi lomwe lija: "Ilipo gemu yotuluka imene ili ndi dzina lanu?" Ntchito yanga yakale sindingaonetse, tinasainira kuti n'zachinsinsi. Akuti akaona dzina langa pa mndandanda wa kumapeto kwa gemuyi, Lolemba tikambirane za ntchito.

Ndiye taonani, tsogolo langa lapachikika pa chinthu chomwe ndakhala ndikuchitukwana. Lamulo la kumene ndinkagwira ntchito kuja ndikulidziwa: amene palibe pa tsiku lotulutsa, dzina amafufuta. Koma zaka sikisi, abale inu!

Lachitatu, 5 Malichi

Waimba Chindevu, mnzanga amene anatsala kuja. "Ikutulukadi aise, koma yaiwisi. Hatchi ija ikulowabe m'khoma."

Vuto limenelo, la hatchi ya m'gemumo kulowa m'khoma, linalipo mwana wanga asanabadwe! Lero mtsikanayo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, akuwerenga chilichonse, ngakhale pepala la sopo. Tsiku lomwe anabadwa, Chindevu yemweyu analemba dzina lake pa bolodi ya ana obadwa ntchito ili m'kati. Ndi mwambo wa opanga magemu, anawo timawalembanso kumapeto. Ine ndinamuona mwanayo ali ndi masiku awiri, chifukwa bwana ankafuna msilikali azigubuduka pofika Lachisanu.

Ndamufunsa Chindevu za maina. Wasintha nkhani. Kenako akuti netiweki ikuvuta.

Lachinayi, 6 Malichi

Sindigula. Sindisewera. Ndalumbira.

Lachisanu, 7 Malichi

Yatulukadi, manyazi bwanji. Alamu anga agula m'mawa, pofika masana atopa nayo, abwera kudzandisiyira ndi makina omwe. "Alamu, izi ndi zimene munkagonera ku ntchito?" Ndangoti zikomo.

Maina sungawaone pokhapokha utamaliza gemu yonse. Pa intaneti palibe amene wawaika, aliyense akuisiyira panjira n'kumatukwana. Ndiye ndiimalize ndekha. Malumbiro a dzulo aja ndameza.

Loweruka, 8 Malichi

Tsiku lonse pa mpando. Gemu yazima kanayi. Mdani wina anaima chilili, mutu uli kumsana. Nkhani yake sikumveka, ukuchita kuona pamene bwana uyu analekezera ndi pamene winayo anamatapo zake.

Koma msilikaliyo ndi wanga. Mayi a mwana amadutsa ndi zochapa, n'kuima. "Iii, si ine uyo?" Ndi iwodi. Kale ndinkawajambula ndi foni akuzunguza tsache pabalaza pompano kuti ndione m'mene phewa limatembenukira. Akukampani aja sanasinthe kanthu, ngakhale kaphazi kamanzere kamene amakakoka akamatembenuka. Aseka mpaka kukhala pansi. Ine sindinaseke. Ntchito yanga anaisunga, amene anamutaya ndi ine.

Lamulungu, 9 Malichi

Ndamaliza cha m'ma 3 koloko masana, zala zili dzanzi. Tinakhala tonse atatu, mwana pakati. Maina anayenda mphindi khumi ndi zinayi. Mabwana onse atatu alipo, ngakhale awiri oyamba aja, amene anaithawa ntchito. Obweretsa khofi alipo. Galu wa bwana wachitatu alipo, ndi mawu othokoza. Pa opanga kayendedwe pali maina anayi, awiri sindikuwadziwa n'komwe. Langa palibe.

Ndimati ndizimitse, mwana n'kukuwa, "Adadi, dzina langa!" Pa ana obadwa ntchito ili m'kati, mzere wachitatu, dzina lake lonse ndi la bambo ake kumapeto. Anadumphadumpha, analiwerenga kawiri ndi chala pagalasi. Kenako, "Nanga lanu lili pati?"

Mayi ake anamutengera kukhitchini.

Ndabweza pang'ono, ndaimitsa, ndajambula ndi foni. Ndalembera mayi wa intavyu uja: "Dzina langa mulibe. Uyu ndi mwana wanga, anabadwa ndili pa ntchitoyo." Ndatumiza pamodzi ndi chithunzicho. Pasonyeza kuti awerenga.