Mlamba Wanga ndi Pakamwa pa Alamu

Okondedwa achemwali,

Ndikupatsani moni nonse kumeneko. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Nanga amayi, chifuwa chija chinatha? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo. Ku galaja ndikumangosokoneza masipanala, mpaka abwana afunsa ngati kwathu kwagwa zovuta.

Nkhani yake ndi ya nsomba ija. Ndikudziwa kuti mwaimva kale, koma mwaimva yokhota. Alamu atabwera kuno kudzafuna ntchito, Loweruka lina ndinawatenga kudamu kuti akapitidweko mphepo. Nditangoponya mbedza, chingwe chinakoka ngati ndakola ng'ombe. Ndinalimbana nacho mpaka manja anachita matuza. Alamu ankangothamangathamanga m'mbali mwa madzi, akukuwa kuti ndidule chingwe chifukwa imeneyo ndi ng'ona. Chinthucho chitatulukira, tinaona kuti ndi mlamba, kutalika kwake kufika pachifuwa panga.

Tinaunyamula mpaka kwa bambo wabutchala amene sikelo yake ili ndi chidindo cha boma. Makilo 34! Bamboyo ndiye anandiuza za bungwe la owedza ndi mbedza, limene limalemba m'buku nsomba yoposa zonse za mtundu wake pamodzi ndi dzina la woigwira. Ndinapitako. Mlembi wawo, mayi wamagalasi wosaseka wamba, anaona zithunzi, nadulako chingwe changa kuti akachiyese, nati mlamba umene uli m'buku mwawo ndaupitirira ndi kilo yathunthu. Anandifunsa mobwereza ngati pali wina amene anagwirako ndodo, poti lamulo lawo ndi lakuti munthu akoke yekha. Ndinati ayi, mboni ndi alamu anga. Ndinatuluka mu ofesimo ndikudzandira ngati ndamwa.

Tsono imvani zimene achita amuna anuwo. Tsiku lija anandichonderera kuti ndiwajambule atanyamula mlambawo. Atabwerera kumeneko, chithunzicho anachimwaza pa foni, nalemba kuti anaukoka ndi iwo, ine ndinkangowasungira chipewa. Chazungulira mpaka chafika kwa mlembi uja. Amene wachipereka ndi mkulu wina amene dzina lake lili m'bukumo panopa. Sindikumuda, nanenso ndikanatero. Tsopano mlembiyo akuti dzina langa sililembedwa mpaka mboniyo ilankhule ndi pakamwa pake, ndipo mwezi uno ukatha nkhaniyi aitseka.

Alamu ndawaimbira mpaka chala chatopa. Poyamba ankati netiweki ikuvuta, pano foni ikungoitana. Uku wabutchala akudandaula kuti mlamba wamudzazira filiji, nyama yake ikusowa poika. Magetsi akathima ndimasiya galimoto ya eni ake pa jeke, kuthamangira kukasaka ayezi. Kuudya sindingathe, kuutaya sindingathe, poti a bungwe atha kufuna kuuonanso.

Mwina mukuseka kuti mwamuna wandevu akuwonda chifukwa cha nsomba. Koma achemwali, kuno palibe amandidziwa. Aliyense amangondiitana kuti wa ku galaja. Dzina la malemu bambo athu, amene anandiphunzitsa kumanga mbedza ndisanayambe n'komwe sukulu, silinalembedwepo pena paliponse poti anthu n'kuliwerenga. Ndikufuna lilembedwe m'bukumo, pambali pa langa.

Pempho langa ndi limodzi. Mlembiyo ndamupatsa nambala yanu, adzaimba Lachisanu masana. Alamu muwakhazike pampando, inu mukhale pafupi, muziwayang'ana mmene mumachitira muja akabwera mochedwa. Anene zimene anaona basi.

Koma chonde musawakalipire pamaso pa ana. Ndinawaona mmene anakwerera basi tsiku lobwerera, ntchito osaipeza, m'manja muli chikwama chokha. Nawonso anafuna chofika nacho pakhomo. Kumeneko azinenabe kuti anaukoka ndi iwo, ine ndikabwera ndidzangogwedeza mutu. Choona achinene kamodzi kokha, kwa mayi mmodzi yekhayo.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa amalume ndi azakhali, ndi kwa ana onse. Alamunso muwapatse moni wanga, muwauze kuti sindinakwiye, tulo tokha ndi timene tandithawa. Akangomaliza kulankhula mundiimbire, ngakhale ndikhale ndili pansi pa galimoto ndidzayankha.

Tsalani bwino, ine mlongo wanu,
Mzime