Ndevu Zanga ndi Nsanje ya Abambo

Lolemba, 2 Juni

Zatulukanso pachibwano, zakuda bii, zolimba ngati waya. Ndazula ndi zala mpaka misozi. Mkazi wa wometa tsitsi kumera ndevu! Abambo akangodziwa, mawa shopu yonse yadziwa. Pakamwa pawo palibe chitseko, makina akangolira iwonso ayambapo.

Lachitatu, 4 Juni

Kuchipatala, kukamva zotsatira za magazi amene anandiyeza. Adokotala ake kamtsikana, msinkhu wa mwana wanga wotsiriza. Akuti chisiyireni kusamba, thupi lasintha. Pali kapuloteni kochokera kuchiwindi kamene kamamanga mahomoni achimuna kuti asamangoyendayenda. Kanga kachepa, ndiye ali balalabalala m'magazi ngati mbuzi zodula chingwe, n'chifukwa chake ndevuzi. Ndinaseka.

Kenako akuti kakachepa chonchi, kawirikawiri thupi limakhalanso litayamba kusamvera insulini, shuga ali pakhomo. Apo sindinaseke. Amayi anga shuga anawadulitsa mwendo. Mantha ndili nawo, ndisaname.

Adokotala akuti tiyi wopanda shuga, kuyenda m'mawa uliwonse. Abambo sindinawauze. Ndikayamba za shuga, za ndevu zitsatira.

Lachisanu, 6 Juni

Nzeru zabwera! Kuyenda ndiziyenda, koma kolowera kulipo: kwa a Dazi, wometa wa kutsidya kwa mlatho, amene abambo sapatsana naye moni chiwalandireni makasitomala. Ndinafika akusesa. Anandikhazika kuseri kwa katani, thovu, lezala, kasipiriti, basi. Akuti, "Mayi, pano taona zambiri, musade nkhawa."

Lachiwiri, 10 Juni

Tiyi wopanda shuga ndi madzi otsukira makapu.

Lachinayi, 12 Juni

Abambo anunkhiza tsaya langa. "Sipiriti uyu ngwa ndani? Si wanga uyu." Ndati ndi sopo watsopano. Angondiyang'ana.

Masana ndawamva akunong'oneza achemwali awo pafoni: akumadzuka m'mamawa, shuga akukana, akumabwera akununkhira mwamuna. Ine kukhitchini ndadziluma chala kuti ndisaphulike. Ine, gogo wa zidzukulu, chibwenzi! Zandikomera kwabasi. Ndimayesa kuti kalekale anasiya kundiona, ndinasanduka kabati ya pabalaza.

Loweruka, 14 Juni

Ndadzola lipisitiki dala popita koyenda. Abambo agwetsa chipeso. Pobwera ndapeza andiphikira tiyi, chinthu chimene sanachitepo chibadwire mwana woyamba. Athiramonso shuga, ndakana, nkhope yagwa. Apse mtima kaye pang'ono, sizipha.

Lolemba, 16 Juni

Shopu sanatsegule. Ndawapezerera pagalasi akukokera mimba m'kati. Chakudya angochitokosa. Kenako, maso ali m'mbale, "Mayi, ndinakulakwirani chiyani?"

Masewera aja ayamba kuwawa, ndipo chisoni chandigwira. Ndinatsegula pakamwa, manyazi n'kunditseka. Ndangoti mchere wachepa, n'kuthawira kukhitchini.

Lachitatu, 18 Juni

Anditsatira. Sindinawaone ngakhale pang'ono, munthu wamkulu kubisala kuseri kwa magalimoto.

Ndili pampando wa a Dazi, nsalu m'khosi, thovu lili mbuu pachibwano, katani kuti kwapu! Abambo. Thukuta kamukamu, mabatani a malaya osemphana. A Dazi anangouma, lezala ili m'mwamba.

Ndinakhuthula zonse, thovu likundilowa m'kamwa: ndevu, magazi, insulini, mantha anga. Ndinawauzanso kuti ndimaopa kusanduka nthabwala ya m'shopu mwawo.

Abambo anayandikira, kupukuta thovu ndi chala, kutembenuzira chibwano changa kuwindo.

"Taonani tiziphuphu iti. Akumakumetani mosemphana ndi tsitsi."

A Dazi akuti, "Akuluakulu, ine ndimango..."

"Tasunthani uko."

Anawalanda a Dazi lezala m'shopu mwawo momwe. Maso anali ofiira.

"Ine ndimayesa mwandisiya, kani ndi matenda, n'kumasenza nokha? Za pampando uno sizituluka. Ndipo mawa mundidzutse, tiyendera limodzi."

Ndinafuna kuwaseka za mabatani aja, koma ndinangozisiya.

"Tukulani mutu, mayi."

Ndinatukula.