Piritsi la Lolemba

Lolemba, 3 Malichi

Mayi, apongozi anga, sanadye lero. Akuti pachifuwa pakuotcha ngati ameza khala la moto. Zayamba nditawapatsa piritsi lolimbitsa mafupa, lija la kamodzi pa sabata. Chithyokereni dzanja ndimawapatsa ndine, amuna anga, bambo a khanda lathu Kamasaya, ali kutali kuntchito.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndi madzi omwe akuwawa pomeza. Koma nthabwala osasiya. Akuti mafupa alimba, watsala m'mero, ndikafunse ngati uli ndi piritsi lake. Ndaseka, kenako ndakalirira kubafa.

Lachinayi, 6 Malichi

Alamu anga aimba foni. Afunsa kuti mayi awo ndikuwadyetsa chiyani. Akubwera Loweruka kudzawatenga. Ine amayi ondibala sindinawadziwe. Kusambitsa khanda, kubereka, zonse anandiphunzitsa ndi awa. Akapita nditani ine?

Lachisanu, 7 Malichi

Kuchipatala. Anesi afunsa mmene Mayi amamwera piritsilo. Ine kufotokoza monyadira: ndimawapititsira pabedi asanadzuke, kuwatukula mutu, timadzi pang'ono kuti asatsamwe, ndiye kuwafunditsa agonenso, Kamasaya ali pambali pawo.

Anesi anangogwira pakamwa. Akuti limafuna madzi odzadza kapu, ndipo munthu akhale tsonga kapena aime kwa theka la ola. Ukagona limatha kuotcha kum'mero. Aliyimitsa kaye mpaka adokotala awaone bwino. Akutinso ntchafu kapena nsagwada zikayamba kuwawa tisachedwe kubwera.

Ndinafuna nthaka indimeze. Anesi anatembenukira kwa Mayi, amvekere kodi sanawauze zonsezi tsiku loyamba lija? Mayi maso ali pansi, kuseweretsa kaphazi ka Kamasaya.

Panjira ndinawafunsa Mayi ngati anamvadi malangizowo.

"Ndinamva ndithu, mwanawe. Koma ine chikulire ndani anandifunditsapo?"

Loweruka, 8 Malichi

Alamu afika ndi galimoto. Ndawauza zonse ndekha. Chikwama cha Mayi ndinali nditalongedza kale, chili pakhomo.

Mayi ali pampando, msana njo ngati mwana wa sukulu, akumwa phala lamadzimadzi pang'onopang'ono. Anawasiya alamu alankhule mpaka atope. Kenako anawatuma kuti abwezere chikwamacho kuchipinda.

"Pita bwino, mwanangu. Wondipsereza m'mero ndi yemweyu, andipozenso yekha."

Alamu akadali chiimire ndi makiyi m'manja. Ine ndathira madzi ena m'ketulo.